Utsi Wothamangitsa Udzudzu

Dzulo fungo la mabatire osungunulidwa linandipeza pamsika wa Milange, nditagwira mwana wanga dzanja. Ndinamunyamula n'kudutsa msanga.

Tili ana ku Majaua, a Zhuze omata mapoto ankasungunula mabatire akale kuti apeze mtovu. Utsi wake unkatsekemera pang'ono palilime. Dzuwa likapendeka amayi athu ankatikankhira komweko: "Khalani pafupi, ana inu, udzudzu sufikako kumeneko!" Ine ndi mnzanga Rosita tinkapikisana kuukoka utsiwo, poganiza kuti tilimba ngati njinga. Iye ankapambana nthawi zonse.

Rosita ndinadzamukwatira. Impso zake zinaleka kugwira ntchito chaka chatha, ndipo adokotala atafunsa kumene anakulira, anati ndi utsi wa mtovu uja.

Amayi sananame, udzudzu sunkafikako. M'mudzi monse muja, udzudzu wokha ndiwo unali ndi nzeru.