Mbalame yopusa ya ku Mauritius ndi muwawani wa kuseri kwanga

Ndiyambe ndi mboni, chifukwa ena a inu mwayamba kunena kuti ndimathira mchere wambiri m'nkhani zanga. Mboni yoyamba ndi a Zuze, ometa tsitsi pafupi ndi msika wa Zingwangwa, munthu amene sananamepo kupatula pa zaka zake. Yachiwiri ndi a Namakhwa, owotcherera mageti, neba wanga wa kumtunda. Yachitatu ndi mayi a kunyumba, make Lusiya, amene sanandivomerezepo kanthu chikwatirane, ndiye akavomereza izi mudziwe kuti ndi zoona. Onse atatu ali moyo, ndipo mmodzi mwa iwo ndi wolakwa. Timupeza kutsogoloku.

Loweruka ndinapita kukameta. Tivi ya a Zuze inakanirira pa tchanelo chimodzi chifukwa rimoti inagwera m'beseni, choncho m'malo mwa mpira tinaonera azungu akufotokoza za zilumba zili pakati pa nyanja yamchere, kuseri kwa Madagascar. Mauritius ndi tinzake.

Kumeneko kunali mbalame yotchedwa dodo. Yonenepa kuposa nkhukundembo, yosauluka, yosaopa munthu. Anthu atafika pa sitima zapamadzi, iyo inkapita kukawalonjera, iwo n'kuilonjera ndi chibonga. Nkhumba, makoswe ndi anyani obwera pa sitimazo anamaliza mazira. Lero kulibe ndi imodzi yomwe. Kunalinso afulu akuluakulu oti munthu n'kukhalapo ngati pampando. Amenewo ankawagoneka chagada m'sitima, amoyo, ngati ndiwo za paulendo, mpaka anatha psiti.

"Mbalame yopusa," anatero a Zuze, makina ali pakhutu panga. "Ukuona munthu wanyamula chibonga, iwe n'kupita kukamufunsa kuti mwayenda bwanji? Ya kuno ikanathawa itangomva fungo la anyezi."

Tonse tinaseka. Inenso ndinaseka, mpaka azungu aja anafika pa nkhani ya mtengo.

Pa kachilumba kena, Rodrigues, panali kamtengo kamene aliyense ankati kanatha. Kenako kanapezeka kamodzi kokha m'mbali mwa msewu, ndipo anakamangira mpanda. Anthu ataona mpanda anati chinthu chomangiridwa mpanda sichingakhale chachabe, nayamba kuthyola nthambi ndi kusenda khungwa kuti apange mankhwala. Anamanga mpanda wachiwiri kuzungulira woyamba. Kenako wachitatu.

Ndinadzuka pampando mutu utametedwa mbali imodzi, ndi kuthamangira kunyumba. A Zuze alipo, mukawafunse.

Kuseri kwa nyumba yanga kuli muwawani. Malemu bambo anga anabwera ndi njere yake m'thumba la jekete kuchokera ku Chikwawa pamene ankadzafuna ntchito m'tauni, naidzala pakati pa bafa ndi mpanda. Khungwa lake ndi lowawa moti ukangoliyang'ana, malungo amayamba kulongedza katundu. Ena amamwera m'mimba, ena malungo omwewo, ena matenda aja amuna amanena atatsitsa mawu. Kale wofuna mankhwala ankakwera phiri la Soche. Phirilo lero mukuliona nokha, ndipo anzathu a ku Chilobwe akudziwa zimene phiri lopanda mitengo limachita mvula ikakwiya. Ndayenda Zingwangwa yense sindinaone muwawani wina. Wangawu ndiye dodo wathu.

Bambo sankakaniza munthu khungwa. Anali ndi lamulo limodzi, la kwawo: usende kum'mawa ndi kumadzulo kokha, kachidutswa kosaposa chikhatho, ndipo umate dothi pabalapo. Ankati khungwa la mbali zina silichiza. Ndili mwana ndinkayesa ndi zizimba. Nditakula ndinazindikira kuti madala aja ankateteza mtengo. Ukasiya kumpoto ndi kummwera, mtengo umapola. Ukazunguliza thunthu lonse, wapha.

Lamulo labwino. Vuto ndi loti m'tauni muno aliyense anabwera ndi kum'mawa kwake.

A Namakhwa amati kum'mawa ndi kumene kuli Mulanje, ndipo Mulanjeyo amamuloza malinga ndi kumene mphuno yawo yayang'ana tsikulo. Mayi wina wa ku Nsanje anati kwawo dzuwa limatulukira kutsidya kwa Shire, ndiye kuno anasenda mbali yoyang'ana ngalande. Bambo wina anabwera dzuwa lili paliwombo, nati nthawi imeneyo mbali zonse ndi zofanana. Ndikulumbira. Wina anatulutsa foni kuti imulozere, napeza kuti batire yatha, n'kungosenda pamene panali pofewa.

Onsewa amayamba ndi mawu amodzi. "Pang'ono pokha, achimwene." Sindinalandirepo munthu wobwera kudzapha mtengo. Nanga a pa sitima aja, mukuganiza kuti analipo amene anadzuka nati lero ndikufuna kumaliza dodo? Aliyense ankangofuna ndiwo za tsikulo.

Nditafika Loweruka lija ndinazungulira mtengo. Thunthu lonse lili mbee ngati fupa, kupatula kamzere kamodzi ka khungwa, m'lifupi ngati zala zinayi, mbali yoyang'ana kubafa. Mtengo wonse, ndi maluwa ake achikasu aja, moyo wake unali pa kamzere kameneko.

Ndiye ndinachita chinthu chopusa. Ndinali nditaona ndi maso anga pa tivi kuti mpanda umaitana anthu, koma ndinapita kwa a Namakhwa kuti andiwotcherere khola lazitsulo.

"Mukufuna kuweta chiyani, neba?"

"Mtengo."

"Umathawa?"

"Ukanamathawa bwenzi ndilibe vuto."

Lolemba khola linaima, loko pakhomo, kiyi m'thumba mwanga. Lachiwiri mbiri inali itafika kumsika kuti mtengo wa kwa bambo a Lusiya wayamba kuchiza shuga, BP ndi kusabereka, n'chifukwa chake autsekera. Lachitatu pageti panali mzere. Munthu wina anakwera maminibasi awiri kuchokera ku Bangwe. Nditamukaniza anandifunsa ngati ndimapemphera. Wina, ine ndikukangana ndi wa ku Bangweyo, anamangirira mpeni kunsungwi n'kuulowetsa pakati pa zitsulo. Ndinagula waya wa nkhuku ndi kukulunga khola lonse. Mpanda wachiwiri umenewo. A ku Rodrigues, tikubwera.

Lachinayi ndinapempha tchuthi kuntchito. Ndinakhala pampando pafupi ndi bafa, korona dzanja ili, mpini dzanja ilo. Aliyense wopita kukasamba ankayamba wandionetsa kuti m'thaulo mulibe mpeni.

Musandimve molakwa. Wodwala sindikumukwiyira. Munthu amene wapita kuchipatala, n'kumulembera m'kabuku kuti mankhwalawa mukagule nokha, pamene m'thumba mulibe kanthu, mumafuna apite kuti? Abwera kuseri kwanga.

Chimene chikundikwiyitsa ndi ichi. Mwa anthu onse amene asenda mtengowu zaka zonsezi, palibe ndi mmodzi yemwe anapemphapo njere. Ndi mmodzi yemwe. Nyemba zake ndi zazitali ngati chikwapu, sizibisala, zimagwa chaka ndi chaka, make Lusiya amasesa n'kutentha. Dzina la mtengo timalidziwa, ntchito yake timaidziwa, muyezo wa madzi timaudziwa, mpaka kuti usamwe uli ndi njala. Ukanena zodzala, mayankho amabwera ngati mvula. Ploti ndi ya landilodi. Mizu idzagumula chimbudzi. Mtengo umaitana akadzidzi. Udzakula ine nditafa.

Bambo anga anadzala ali alenti, ndipo anafadi. Nanga amene akhala akumwa mtengo wawo ndi ndani, si inu?

Nyengo yodzala mitengo ikafika, mabwana amabwera ndi matisheti atsopano, amagwada bondo limodzi, amajambulitsa atagwira kabulugama, kenako mbuzi zimamalizitsa mwambo. Masuku amene tinkatola m'mapirimu ali kuti? Matowo, nthudza, mpoza? Funsani mwana wanu madzulo ano ngati anaonapo mtengo wake. Zinthu sizitha ndi kulira kwa belu ayi. Tsiku lina umangoti ukatchula dzina, ana n'kukufunsa kuti ndi Chingerezi kapena Chisena.

Lamulungu ndinapita ku misa yoyamba, mutu ukadali wometedwa theka, moti abambo mfumu anandiyang'ana kawiri popereka ukalistia. Make Lusiya anatsala, ati mutu. Kiyi ndinamuiwala m'thalauza la dzulo lake.

Pobwera ndinapeza khola lili chitsekere, loko ali pamalo pake, waya osakhudzidwa. Kamzere kaja kulibe. Pabalapo pamatidwa dothi bwinobwino, monga ankafunira bambo.

Ndinalowa m'nyumba. Make Lusiya anali akusita yunifolomu, mutu utapola.

"Watsegula khola ndani?"

"Ine."

"Mayi, mukudziwa chimene mwachita?"

"Ndikudziwa. Kunabwera mnzanga wa kumphakati wathu wa kutchalitchi, amuna ake masiku anayi m'mimba osaima, m'nyumba mulibe ndi ya minibasi yomwe. Anagwada pakhonde apo. Mumafuna ndimuuze kuti bambowo adikire mtengo uyambe wachira?"



"Ndipo inu a chitetezo," anapitiriza osakweza mutu, "chaka chatha mutadya kanyenya wa kumsika uja, amene anathamangira kuseri ndi chikwanje ndani? Munafunsa kum'mawa tsiku limenelo? Mbali yonse ya kumpoto ija ndi siginecha yanu."

Apa ndiyenera kukonza zimene ndinanena poyamba. Ndinati wolakwa ndi mmodzi mwa mboni zitatu. A Namakhwa anasendapo. A Zuze anatumako kawiri. Mayi mwamva. Wachinayi ndi amene akukulemberaniyu.

Mtengo ukadali chiimire. Maluwa alipo, njuchi zikubwera, odutsa akuti taonani kukongola. Mtengo wozunguliziridwa khungwa sufa tsiku lomwelo. Ukhoza kuoneka wamoyo mpaka mvula ikubwerayi, koma ine ndikudziwa kuti ndikusunga maliro mu khola lokhala ndi loko. Lolemba m'mawa munthu woyamba anafika kudzafunsa ngati, poti mtengo wafa kale, angakumbeko mizu. Pang'ono pokha.

Ndinakwera padenga la bafa ndi kutola nyemba zouma zimene tsache la make Lusiya silinazifikire. Njere zinadzaza kabotolo kakang'ono ka mafuta odzola. Ndinaika lamulo latsopano, loti aliyense amene anamwapo mtengo wa bambo alandire njere zitatu, akadzale, kaya m'chitini kaya kumudzi. Ndinayambira kwa a Zuze, poti ndinkafunanso amalize mutu wanga.

Ndinakhala pampando, anandifunditsa nsalu, ndinawaika njere m'dzanja. Anazitembenuza, anazinunkhiza.

"Zimenezi mpaka zifike posendeka, zaka zingati?"

"Zambiri ndithu."

"Hm." Analiza makina. "Nanga achimwene, munthu atangozisinja n'kumwa, sizingagwire ntchito?"

Ndinawalanda njere zanga, ndinavula nsalu, ndinatuluka. Mukakumana ndi munthu ku Zingwangwa, kabotolo m'thumba, mutu wometedwa kum'mawa kokha, ndine. Mbali inayo ndaisiya dala kuti pakhale chotsala.

Dodo uja analibe tivi, a Zuze. Sanaonerepo pulogalamu yomuchenjeza. Ife tinaonera ndi maso athu, tili pampando. Ndiye mbalame yopusa ija ndi iti?