Ululu Umene Unaleka Titafika pa Chilumba

Chizindikiro choyamba chinali chakuti ndinakana tiyi. Unali m'mawa wa mwezi wa Juni, tikukweza katundu m'boti ku Nkhudzi, ndipo pamchombo panga pankapweteka pang'onopang'ono ngati ndadya chinangwa chosapsa. Ndimagwira ntchito m'boti lonyamula alendo okaona malo. Ine ndi amene ndimaponya nangula, kumanga zingwe ndi kutsuka mbale. Ulendo umenewo tinkapita ndi alendo ku kachilumba kena kakutali, kopanda mudzi, komwe kumakhala mbalame ndi asodzi ochepa ogona m'misasa.

Titafika pakati pa nyanja ndinamva nseru. Ndinapita kumbuyo, pafupi ndi injini, n'kusanza mwakachetechete. Kwathu ku Makanjira munthu wobadwira kunyanja sasanza m'boti. Amasanza ndi alendo ndi anthu a kumtunda, ndipo mwana wa kugombe akatero amamuseka mpaka kukalamba. A Saidi, woyendetsa boti lathu, anandiona ndikupukuta kukamwa.

"Iwe Rashidi, kodi unabadwira kuphiri? Anganga ako akamva akukana."

Ndinaseka nawo. Anganga ndi amene anandilera, ndipo ndinakula ndili munthu wosalankhulalankhula. Mayi anga anamwalirira m'boti ndili wamng'ono, akupita nawo kuchipatala atachedwa kale. Ndinakumbukira zimenezo ululu utachoka pamchombo n'kutsikira kumanja, chakumunsi kwa mimba. Funde lililonse likamenya boti ndinkamva ngati wina wandibaya pamenepo. Ndinaona kuti nseru ya nyanja siyenda chotero, koma sindinauze munthu.

Chilumbacho tinachiona masana, matanthwe ake ali mbuu ndi zitosi za mbalame. Polowera pake m'popapatiza. A Saidi anachepetsa injini, ine ndinaima kutsogolo n'kumawalozera ndi dzanja pomwe pali miyala yobisika. Thukuta linkandilowa m'maso ngakhale kunkazizira. Nditanyamula nangula ndinaona mdima, koma ndinamuponya, kenako ndinalumphira m'madzi kukamanga chingwe pamtengo. Nditangoponda mchenga, ululu uja unaleka. Unatheratu.

Ndinasangalala kwambiri moti ndinauza a Saidi zonse. Iwo anati ndiye umboni wake, inali nyanja basi, dothi landichiza. Asodzi a pamsasa anandiseka, wina n'kundipatsa dzina loti Achimwene Akumtunda. Tonse tinakhulupirira kuti ndachira. Dokotala anadzandiuza pambuyo pake kuti nthawi imeneyo ndi pamene kathumbo kakang'ono kotchedwa apendikisi, kamene kanali katatupa, kanaphulika m'mimba mwanga. Ululu umaleka kwa kanthawi, koma mafinya amakhala akufalikira.

Kutacha ndinalephera kudzuka. Thupi linali moto, mimba itauma ngati thabwa, ndipo kutsokomola kokha kunkandiliritsa. Msodzi wina wachikulire anandithowa ndi nsalu ya madzi otentha, monga amachitira munthu akadzipweteka pokoka makoka, koma atangondikhudza ndinakuwa. Foni sinkagwira pachilumbapo. Choipa kwambiri, mphepo ya mwera inali itayamba, nyanja ikuchita thovu mpaka kumene maso amalekezera. Asodzi anati tidikire mphepo igone, mwina mawa, mwina mkuja.

Ndinagona pansi pa mtengo ndikuyang'ana mbalame, ndikuopa. Ndinkaganiza za anganga, kuti boti linawabweretsera mtembo wa mwana wawo, ndipo tsopano liwabweretsera wa mdzukulu, munthu yekhayo amene anatsala naye. A Saidi anaima kwa nthawi yaitali akuyang'ana mafunde. Kuseka kuja kunali kutawathera. Anakalankhula ndi alendo, alendowo anavomera kuti ulendo wawo uthere pomwepo, ndipo anandinyamula pa matiresi.

Za ulendo wobwerera ndimakumbukira zochepa. Madzi ankalowa m'boti, mayi wina mwa alendo aja anandigwira mutu njira yonse, ndipo a Saidi ankatchula dzina la Allah pa funde lililonse lalikulu. Titafika pamene foni inagwira anaimbira bwana wathu, ndipo tinapeza galimoto ikutidikira pagombe.

Kuchipatala cha boma anandiika diripi n'kunditenga magazi. Dokotala anadina mimba yanga pang'onopang'ono n'kuchotsa dzanja mwadzidzidzi, ine n'kulumpha. Anafunsa kuti ululu unayamba liti. Nditamuuza kuti dzulo unaleka wokha, anayang'anizana ndi namwino.

"Kuleka kumeneko ndiye kunali koopsa. Mukanadikira kuti mwera uthe, sitikanalankhulana."

Ndinadikira pakabedi ka matayala pakhonde, chifukwa m'chipinda cha opaleshoni munali mayi wina wobereka. Anandiletsa ngakhale madzi akumwa. Milomo inang'ambika, ndipo ndinkangoyang'ana chitseko.

Nditatsitsimuka ndinapeza kapaipi katatuluka m'mbali mwa mimba yanga, kakutaya mafinya m'thumba, ndipo anganga atakhala pansi pambali pa bedi. Anali atabwera pa lole kuchokera ku Makanjira, fumbi lili m'nsidze. Sanandikalipire. Anangondigwira phazi n'kukhala chomwecho.

Masiku a mu wodi ankafanana. M'mawa ankatiyeza kutentha kwa thupi, kutibaya jakisoni ndi kutsuka zilonda, kenako madokotala ankadutsa bedi ndi bedi. Chilonda changa chinatukusira, thupi linatenthanso, ndipo anamasula ulusi wina kuti mafinya atuluke. Pamenepo mantha anabwerera, makamaka bambo wa bedi loyandikana nane atamwalira. Anganga ankagona panja ndi anthu ena odikirira odwala, n'kumandibweretsera phala lamadzimadzi dokotala atalola kuti ndiyambe kudya. Namwino wina ankandikakamiza kuyenda, akuti matumbo sadzuka ngati mwini wake wagona. Ndinkayenda chowerama, nditagwira thumba langa m'manja, anganga akutsatira m'mbuyo ndi mtengo wa diripi.

A Saidi anabwera kudzandiona atanyamula nthochi. Anauza anganga kuti mdzukulu wawo ndi wakunyanja weniweni, anaponya nangula thumbo litatupa. Anganga anawayankha kuti iwo akanakonda mdzukulu wakuphiri wodziwa kunena kuti akudwala.

Ndinatuluka m'chipatala mwezi womwewo usanathe, ndipo ndinakhala kumudzi mpaka mvula yoyamba osanyamula cholemera. Lero ndili bwino. Ndinabwerera kuntchito, ndimadya chilichonse, kungotsala chipsera chimene chimayabwa kukazizira. Pachilumba paja ndafikaponso, ndipo asodzi amandiitanabe Achimwene Akumtunda.

Kwa anzanga a m'maboti ndi m'mabwato, ululu wa m'mimba ukayamba pamchombo n'kutsikira kumanja, mukusanza, pitani kuchipatala boti lisananyamuke. Ukaleka wokha mwadzidzidzi musanene kuti mwachira. Akuseka aseke. M'boti lathu masiku ano, a Saidi asanalize injini amatifunsa mmodzimmodzi ngati tamwa tiyi.