Nyenyezi za Makatoni ku Daveyton

Ntchito yopanga nyenyezi ndinaipeza pakhomo la tchalitchi. Pa ulonda wa ku Jet Park, kudziko la eni kuno, anali atandichotsa chifukwa cha mawondo, ndipo mkazi wanga, mayi a Chisomo, anali atamwalira chaka chapitacho. Thupi lawo tinalitumiza kwathu ku Ntcheu, ine osapita nawo chifukwa abwana anandikaniza tchuthi. Abale anagwirizana kuti chiliza chimangidwe mu Disembala, ndipo anati ineyo ndidzakhalepo. Ndalama ya ulendo ndinalibe.

Tikutuluka m'mapemphero, anandiitana amayi Nachisale, amene ankagulitsa zokongoletsera m'nyumba ku Daveyton. "Bambo Mbewe, mwangokhala? Mubwere mawa. Manja anuwo sanjenjemera, ndimawaona mukagwira buku la nyimbo."

Tinkagwirira m'kanyumba ka malata kuseri kwa nyumba yawo. Zipangizo zinali lumo, sizasi, rula, pensulo, msomali ndi ulusi. Makatoni tinkatola a tiyi ndi a sopo, ndipo pepala lonyezimira tinkalipeza potembenuza mapaketi a tchipisi otsukidwa bwino. Umabaya msomali pakati pa katoni, kumangirira ulusi, pensulo kumapeto kwake, n'kuzunguza mpaka mzere ukumane. Utali wa ulusi womwewo ukamauyeza m'mphepete mwa mzere wozungulirawo umalowa kasanu n'kamodzi ndendende, ndipo paliponse pamene wathera umaikapo dontho. Ukalumikiza madontho modumphitsa limodzi, pamatuluka zamakona atatu ziwiri zopingasana, ndiyo nyenyezi. Ukaidula m'mphepete umaipinda, koma popinda sudula, umangokanda ndi kumsana kwa lumo, mzere wina kupindira m'mwamba, wotsatira pansi, kuti pakati patukuke. Ukatero umamata nyenyezi ziwiri zotere pamodzi kuti zikhale imodzi, n'kukuta ndi pepala lonyezimira.

Zoyamba zanga zinali zopendekeka. Amayiwo ankaziimika padzuwa n'kuseka. "Iyi ikanawasocheretsa anzeru a kum'mawa, bambo. Yambiraninso." Ndinkayambiranso, ndipo patapita nthawi anasiya kuyang'ana ntchito yanga.

Kumayambiriro kwa dzinja mwini sitolo wina wa ku Actonville anaitanitsa nyenyezi zambiri za Khirisimasi, kulipira tsiku lobweretsa katundu. Amayi Nachisale anandiuza kuti gawo langa likwanira basi yopita kwathu ndi simenti yomwe. Ndinaimbira Chisomo, mwana wathu, kuti auze amalume ake andidikire.

Tili pakati pa ntchitoyo guluu anatithera, ndipo wa m'sitolo anali atakwera mtengo. Amayi aja anandifunsa, "Kodi kusukulu kwathu tinkamatira chiyani mabuku?" Ndinayankha kuti phala la ufa. Tonse tinali titakulira momwemo, ndipo palibe anaona chovuta. Tinaphika ufa wa tirigu m'chitini mpaka unanda, tinamata, ndipo zinagwira zolimba kuposa guluu. Ndinathokoza Mulungu potikumbutsa nzeru ya kwathu. Zomalizidwa tinkazisanja m'makatoni akuluakulu, kutseka ndi tepi, n'kuziunjika pakona. Mvula inagwa masabata amenewo, pansi pa kanyumbako pankachita chinyezi, koma makatoniwo kunja kwake ankaoneka abwinobwino.

Tsiku lopereka katundu ndinavala jekete la kutchalitchi. Dalaivala wa takisi anati, "Madala, makatoni nawonso alipira mpando." Tinalipira. Titafika, mwini sitolo anatilandira bwino, anakankha zinthu pakauntala, nati titsegule aone.

Nditadula tepi, choyamba kutuluka chinali fungo la nkhungu. Kenako mphemvu, zazikulu ndi tiana tomwe, zinabalalika pakauntala kulowera kumashelefu. Mayi wina amene ankagula mpunga anakuwa n'kuthawira panja. Ndinanyamula nyenyezi imodzi, inagawanika pawiri m'manja mwanga. Mphemvu zinali zitadya motsata mizere yonse imene tinapaka phala. Tinatsegula katoni ina, ndi inanso, zonse chimodzimodzi.

Bamboyo sanatitukwane. Anangoti, "Tulutsani msanga, chonde, muno timagulitsanso zakudya." Wantchito wake anabwera ndi mankhwala opopera, ife tikukokera makatoni pakhonde.

Amayi Nachisale anakhala pansi m'mbali mwa msewu, chitenje kumaso. "Ndakulakwirani, bambo Mbewe. Ndakulakwirani pamodzi ndi malemu."

"Phala lija tinaphikira limodzi, amayi," ndinatero. Ndinayesa kupemphera chamumtima, koma ndinangofika pa dzina la Atate n'kulekera pomwepo. Nthawi yopanga zina inali itatha, ndipo mwini sitolo anakagula za pulasitiki.

Chiliza anamanga alamu anga. Pafoni anandiuza mofatsa, "Tinakudikirani, alamu, koma mvula siyembekeza munthu." Chisomo ananditumizira chithunzi, abale ataimirira mozungulira manda.

Kwa amene akufuna kuyamba ntchitoyi ndinene ichi: katundu woti asungidwe musamumate ndi chinthu chodyedwa, ndipo katoni yotseka muziitsegula kawirikawiri, ngakhale ikuoneka bwino kunja. Ine ndikupangabe nyenyezi, ndi guluu wa m'sitolo, ndipo zimagulidwa imodzi lero, ina sabata yamawa. Zimakwanira lendi ndi mankhwala a mawondo. Chisomo anasiya kundifunsa kuti ndibwera liti, ndipo manda a mayi ake sindinawaonebe ndi maso anga.