Injini ya Achimwene ndi Mwendo wa Lusiya

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Chembe. Mwana wanga wachiwiri, Lusiya, amayenda mokoka mwendo wamanzere, ndipo wochititsa ndine. Kalatayi ndakhala ndikuiyamba n'kuisiya, koma mtima sukundipatsa mtendere. Inu owerenga, ndimvereni.

Lusiya anapeza ntchito pa loji ina kwathu kuno. Anayamba ndi kuchapa zovala zolowera m'madzi, kenako anamuphunzitsa kutsika pansi pa nyanja atabereka botolo la mpweya. Ntchito yake inakhala yoperekeza alendo kukaona nsomba zokongola zotchedwa mbuna m'miyala. Ndinkathokoza Mulungu, mwana wamkazi kufika pamenepo si masewera. Ankandiuza malamulo awo, kuti munthu satsika yekha, sakwera mothamanga, ndipo amaima kaye panjira asanatulukire pamwamba. Ine ndinkangoseka. Mumtima ndinkati ife tinabadwira panyanja, amuna kuno amamira opanda botolo kukamasula ukonde, malamulowo ndi a alendo oopa madzi.

Tsiku lina m'nyengo ya mwera, achimwene anga anagwetsa injini ya boti pafupi ndi chilumba. Anyamata awo ogwira ntchito m'boti anayesa kumira, koma panali pakuya. Achimwene sanapite kwa Lusiya, anabwera kwa ine m'mamawa n'kukhala pakhonde. Sananene zambiri. Anangondikumbutsa kuti bambo a anawa atamwalira, amene anaima pakhomo pano ndi iwo.

Nditamuuza kuti atsike akatulutse injiniyo, Lusiya anakana. Anati tidikire mawa lake Yusufu, amene anamuphunzitsa ntchitoyi, abwere kuchokera ku Mangochi kuti atsike awiri. Ine ndinapsa mtima pamaso pa achimwene. Ndinati, "Amalume ako adikire iwe? Botolo lakusandutsa mzungu eti?" Mawu amenewo ndimawamvabe m'khutu. Mwana anandiyang'ana, anatenga kiyi wa chipinda chosungira zida kuloji, n'kupita.

Ndinatsala ndikuyanika usipa pathandala, koma manja sankagwira. Ndinkangopita kugombe n'kubwerera. Zimene zinachitika kuchilumbako Lusiya anandiuza pambuyo pake. Anatsika katatu osapuma mokwanira. Koyamba sanaione. Kachiwiri anaipeza itapanikizika pakati pa miyala. Kachitatu anamangirira chingwe, ndiye poyang'ana kawotchi kosonyeza mpweya anapeza kuti watsala pang'ono kutha. Anakwera mothamanga, osaima panjira.

Injini inatuluka. Anyamata anabwera akuimba, achimwene akuuza aliyense kuti mwana wa mlongo wawo waposa amuna. Ine ndinanyadira, sindibisa.

Masana Lusiya anayamba kudandaula phewa. Kenako khungu la pamimba linayamba kuyabwa, mwendo kuchita dzanzi. Anandipempha kuti tiimbire Yusufu msanga. Apa ndi pamene ndinalakwa kachiwiri, ndipo kulakwa uku kunaposa koyamba kuja. Ndinaganiza kuti akadziwa kuntchito kuti anatenga botolo osapempha, amuchotsa. Ndinatenga foni yake n'kuika m'chikwama changa cha kutchalitchi. Ndinamuuza kuti n'kutopa chabe.

Ndinatereka madzi, ndinatenga chitenje chakale, ndinamuthowa phewa ndi msana ndi miyendo, ndikusisita mwamphamvu monga ndinkachitira ndi bambo ake akabwera kokoka ukonde. Ndinkathowa ndikupemphera. Iye ankati amayi basi, zikuipiraipira. Ine ndinkati pirira, ndiye kuti kutentha kukulowa. Ndinawonjezeranso madzi ena.

Kutacha Lusiya analephera kuimirira. Ngakhale mkodzo unakana kutuluka. Ndinakhuthula chikwama chija pansi, n'kutenga foni ija n'kuimbira Yusufu.

Yusufu anafika ndi botolo la mpweya wa okosijeni. Anamugoneka chagada, n'kumuveka chopumira kumaso. Anafunsa kuti anatsika kangati, anakwera bwanji, ululu unayamba nthawi yanji. Nditanena za madzi otentha anatseka maso kanthawi, koma sanandikalipire. Tili m'galimoto kupita kuchipatala anandifotokozera mofatsa. Anati munthu akakhalitsa pakuya, mpweya wina umalowa m'magazi, ndipo akakwera msanga umachita thovu ngati chakumwa cha m'botolo mukachitsegula mwadzidzidzi. Thovulo limatseka njira za magazi, ndipo kutentha ndi kusisita kumangoipitsa zinthu. Kenako anati, "Amayi, mukadaimba dzulo lija masana, bwenzi tili ndi mpata wabwino."

Tinakhala m'chipatala masabata angapo. Ndikuthokoza anamwino, ndikuthokoza amayi akumpingo amene ankabwera ndi phala ndi mapemphero. Koposa zonse ndikuthokoza Mulungu kuti mwana wanga ali moyo ndipo akuyenda. Kuntchito sanamuchotse, chinthu chimene ndinkaopa chija. Anamukhazika pa tebulo polandira alendo. Koma adokotala anati pansi pa nyanja asadzatsikenso. Alendo akamanyamuka pa boti ndi mabotolo, iye amawabayibitsa ali pamtunda.

Achimwene amabwera ndi chambo kudzamuona, amachisiya n'kupita. Lusiya anandikhululukira kalekale. Ndikayamba kulira amandiseka, amati ndisunge misozi nyanja ndi yodzaza kale. Koma ine injini ija ndimaidziwa kulira kwake, ikamadutsa ndimasiya chimene ndagwira.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga a m'mbali mwa nyanja, kubadwira panyanja sikudziwa botolo. Mwana wanu akaphunzira ntchito imeneyi, malamulo ake musawapeputse, ngakhale wopemphayo akhale malume. Asatsike yekha. Aziyang'ana mpweya wake, azikwera pang'onopang'ono. Munthu akatuluka m'madzi n'kuyamba kumva phewa, dzanzi, chizungulire kapena kufooka kwachilendo, musathowe, musasisite, musadikire kuti kuche. Itanani odziwa nthawi yomweyo, thamangani naye kuchipatala, ndipo nenani zoona zonse ngakhale zikhale zochititsa manyazi. Pemphero ndi labwino, ine ndimalikhulupirira, koma pempherani muli panjira.

M'mawa uliwonse Lusiya akapita kuntchito ndimatuluka ndi tsache. Pabwalo pamakhala mapazi a mwendo umodzi, ndipo pambali pake pali mzere wautali wa mwendo winawo, kuchokera pakhomo mpaka kumpanda. Ndimausesa. Mawa lake ndimaupezanso.