Kangolo ka a Namaona Kathawa ndi Mkwatibwi

A Kingstone Namaona anakalamba akuyenda pambuyo pa anthu. Kuyambira ali mnyamata ankasenza zikwama za ndodo za gofu pa bwalo la esiteti ina ya tiyi, bwana patsogolo, iwo kumbuyo, kampira kakasochera m'tchire iwo n'kukasaka. Kunyumba nako zinali chimodzimodzi. Anakwatira chikamwini kwa Thuchila, ndipo paja amati mkamwini asamakule mwendo. Munda unali wa akazi awo a Marjory, nkhani za ana ankadula ndi alamu awo a Harold, mwinimbumba. Eni akewo ankangodziseka. "Changa pakhomo pano ndi chipewa chokha," ankatero, "nachonso ndinachita kupatsidwa."

Atapuma pantchito, esiteti inawapatsa kangolo kamagetsi kamene mabwana ankayendera posewera gofu. Kanali kotheratu, ka mipando iwiri ndi kadenga koyera, koma kwa a Namaona inali galimoto. Ankakatchaja kuchigayo n'kumayenda nako mapewa m'mwamba. Vuto linali liwiro. Amayi osenza nanazi ankawapatsa moni, kufunsa za kunyumba, kenako n'kuwapitirira. Pamtunda wopita kutchalitchi kangoloko kankaima ngati kakuganiza, ndipo madalawo ankatsika n'kumakankha, uku akuuza odutsa kuti akungowongola miyendo.

Ndiye unabwera ukwati wa Tiyamike, mwana wawo wotsiriza, amene mwamuna wake ankapita naye ku Limbe. Pamisonkhano yokonzekera a Harold ankagawa ntchito, ndipo bambo wa mkwatibwi anapatsidwa yokabwereka mabenchi kusukulu. Anaseka nawo, koma zinawapweteka. Mwana anamubereka ndi iwo, ndipo ankafuna kuti patsikulo anthu aone zimenezo ngakhale kamodzi kokha.

Tiyamike ndi amene anaponya mawu: kutchalitchi akufuna apite pa kangolo ka bambo ake.

"Kakamba kaja?" anatero a Harold, misozi ya phwete ili mbwembwembwe. "Alamu, mukufuna mwana wathu akankhe pamtunda atavala velo?"

M'mawa mwake a Namaona anali pakhonde la Abdul, wokonza masola ndi njinga zamoto pamsika.

"Ndikufuna kazikwera mtunda osapuma," anatero. "Komanso kazithamanga, alamu anga atseke pakamwa."

Abdul anasuzumira pansi pa mpando. "Madala, motayi ilibe mlandu, yangofooka ndi njala. Tiwonjezere mabatire, tiike mawaya onenepa, kontolola yaing'onoyi tichotse ibwere yaikulu. Walahi, mudzachita kugwira chipewa."

Mbuzi imene ankasungira Khrisimasi inasanduka mabatire. Ntchito itatha, kangolo kanabadwanso. Kanakwera mtunda katasenza matumba a chimanga osatsokomola n'komwe. Anyamata a kabaza anasiyidwa kukamwa yasa, fumbi lili koboo m'maso. Tsiku ndi tsiku a Namaona ankakayesa, tsitsi laimvi lili pamphepo, akuseka okha ngati mwana. Anayesa liwiro, anayesa katundu. Kuyenda pang'onopang'ono kokha ndi kumene sanayese, nanga ife amuna a kuno tikapeza kanthu kothamanga, alipo amayesa kuchedwa?

Tsiku linafika. Kangolo kanavekedwa maluwa ndi timapepala tamitundumitundu. Dongosolo linali loti kayende pakati, amayi a Mvano uku ndi uku, akuimba ndi kuvina mpaka pakhomo la tchalitchi. Tiyamike anakwera, nthungululu zinalira, a Namaona anakonza tayi n'kuponda pang'ono.

Kangolo kanadumpha. Anachotsa phazi, kanaima nji, velo n'kugwera kutsogolo. Anapondanso, kanadumphanso ngati chule. Nyimbo inayamba kusokonekera.

"Pang'onopang'ono, alamu!" anakuwa a Harold.

Mawu amenewo ndi amene anawononga zonse. Madala anadzidzimuka, phazi linatsika lonse, ndipo kangolo kanachita zimene Abdul analonjeza. Amayi anabalalika, wina chitenje m'manja. Mtunda umene kale unkawatsitsa anaumeza osaudziwa. Pageti la tchalitchi mkwati Hopewell anangoona chinthu choyera chikudutsa, mkazi wake ali momwemo. Mabuleki anali akale omwe aja, opangidwira kuima pakapinga, choncho anakaima patali, pamene msewu umalowa m'minda ya tiyi, phiri lili phee patsogolo pawo.

Nyimbo sinkamvekanso. A Namaona anagwira chiwongolero ndi manja onse, maso pansi. Manyazi anawagwira moti akanakonda nthaka iwameze.

"Ndakuchititsa manyazi, mwana wanga," anatero. "Amalume ako sanalakwe. Ine za ukwati sindizitha."

Atacheuka anapeza Tiyamike akuseka, mapewa akugwedezeka, misozi ikuwononga zodzola zonse zakumaso. Nawonso phwete linawapulumuka, koma anafulumira kupinda chiwongolero kuti abwerere. Tiyamike anawagwira mkono.

"Dikirani kaye, ababa. Chiyambireni zaukwatizi aliyense wandilangiza. Amalume, anankungwi, amayi a Mvano, mpaka makutu kuwawa. Inu nokha simunandiuze kanthu. Nenani pompano asanatipeze."

Kumunsi anthu anali atayamba kuoneka, a Harold patsogolo, jekete m'manja, akukwera mtunda mwawefuwefu. Moyo wawo wonse palibe anawafunsapo a Namaona malangizo kupatula a komwe kwagwera kampira, ndipo anapeza kuti mawu anzeru sanakonze ngakhale amodzi. Anangoona kuti mwana uyu mawa sadzakhalanso pakhomo.

"Ine nzeru ndilibe, Tiya," anatero potsiriza. "Koma zikadzakuvuta kumeneko, usadzadikire msonkhano wa abale. Udzangondiimbira ine. Waona wekha kuti masiku ano ndimafika msanga."