Amuna Ndinawafunsa Kawiri

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa chodziwa Chiyao. Kabungwe kena pa boma la Mangochi kankafuna wofunsa anthu mafunso, ndipo anandiuza ndi mlamu wanga wa kabaza, atamva kwa kasitomala wake. N'kuti nditamaliza koleji, ndikungowerenga malata pakhomo, ndiye ndinathamangira.

Kafukufukuyo ankafuna kudziwa ngati eni mabizinesi aamuna ndi aakazi amapanikizika m'maganizo mofanana. Gulu lopezeka ndi nkhawa zambiri ndilo likanayamba kulandira alangizi. Bwana wathu, Mayi Kachingwe, anatifotokozera pa bolodi: timayamba ndi ganizo lakuti palibe kusiyana, timatolera mayankho, timapeza avareji ya gulu lililonse, kenako timayerekeza ndi mayeso a t pa kompyuta. Nambala ya p imene mayesowo amatulutsa ikatsika kuposa 0.05, ganizo loyamba lija timalikana. Anandipatsa tabuleti ya mafunso monga lakuti, "Mwezi wathawu, ndi kangati munalephera kugona chifukwa cha bizinesi?"

Amuna sanandivute. Ndinkawapeza okha m'mashopu, m'magalaja, ena ku Chiponde, ndipo ankadandaula mpaka batire la tabuleti kutha. Kwa akazi n'kumene ndinalakwitsa. Ine ndinaleredwa kuti mnyamata sakhala yekha ndi mkazi wa mwini. Choncho ndinkapita kunyumba kwawo, kupempha chilolezo kwa amuna awo, n'kuwauza kuti, "Khalani pompano bambo, palibe chachinsinsi." Ndinkadziona ngati mwana waulemu kwambiri.

Sindiwaiwala Abiti Saidi, mayi ogulitsa usipa wouma. Funso lililonse ankayankha akuyang'ana pamkeka: "Alhamdulillah, palibe vuto." Amuna awo ankangogwedeza mutu, nthawi zina n'kuwayankhira.

Tsiku lovuta linafika nditalowetsa mayankho onse. Nambala ya p inatuluka yaing'ono zedi, ndipo avareji inasonyeza kuti akazi ali ndi nkhawa zochepa kuposa amuna. Ndinalowa mu ofesi ya bwana ndikumwetulira. Iwo avarejiyo sanaisamale, anatsegula mayankho a munthu mmodzimmodzi n'kumatsika nawo pang'onopang'ono.

"A Yusufu," anatero, "akazi onsewa anabadwa kwa mayi mmodzi? Mayankho akungofanana ngati mandasi a m'poto umodzi. Pofunsa, pambali panali ndani?"

Ndinawauza zoona.

Anavula magalasi. "Ndiye kuti amuna mwawafunsa kawiri. Akazi simunawafunse."

Manyazi amene anandigwira sindinawamveponso. Mayankho onse a akazi anatayidwa, ntchito ya masabata ambiri, ndipo alangizi anauzidwa kuti adikire. Sanandichotse ntchito, koma anatuma mnzanga Mariamu kuti akafunsenso akaziwo paokha, ine n'kumangomulozera nyumba.

Titafika kwa Abiti Saidi sitinawapeze. Mng'ono wawo anati mayiwo anagwa pamsika, ali kuchipatala, magazi anakwera kwambiri. Anakokera Mariamu kuseri n'kumuuza kuti chiyambire mvula mayiwo sankagona: usipa ukuwola, ana akudwala, pakhomo mkangano tsiku ndi tsiku. Mariamu atandifotokozera, ine ndinaima pamsewu ndi njinga, ndikukumbukira kuti fomu yawo ndinadzaza ndi ziro kuyambira funso loyamba mpaka lomaliza.

Sindikunena kuti mafunso anga akanawachiritsa. Koma pakanapanda diso la Mayi Kachingwe, lipoti likanapita likunena kuti amayi onga amenewa safunika thandizo msanga, ndipo masamu ake akanakhala olondola ndithu. Zimenezi zimandiwawabe.

Ntchitoyi ndikuigwirabe, ndipo tsopano ndimaphunzitsa ena mayeso omwewo. Koma ndisanafunse funso loyamba ndimayang'ana kaye amene akumvetsera. Ngati mayi sangathe kuyankha momasuka, fomu yake ndimabwerera nayo yosalemba.