Chizungu cha Pansi pa Mkuyu

Aphunzitsi athu ku Chiparamba anali ndi kabelu ka mkuwa kothyoka chogwirira. Sikanali ka sukulu, poti ife tinkaitanidwa ndi khasu lakutha lopachika pamtengo. Kabeluko anawapatsa ndi kapitawo wa pa famu ya fodya ya mzungu, chilimwe china nkhondo ili m'kati, anyamata atatha m'midzi kupita ku usilikali.

Chilimwe chimenecho aphunzitsi anapatula atsikana okulirapo, ine ndi anzanga angapo. Ena akamalemba m'kalasi, ife tinkakhala pansi pa mkuyu, nkhuyu zowola zikununkha, ntchentche zikutitera m'maso. Akaliza kabelu, mmodzi ankaimirira manja ali kumbuyo.

"Go and fetch water. Come and wash the baby. Try and hurry."

Ankatiuza kuti m'buku muli kanenedwe kena, koma dona, mkazi wa mzungu uja, akamalankhula amangolumikiza ntchito ziwiri ndi kamawu kakuti "and". "Mukamva kamawu kameneko," ankatero, "yoyamba ndi ya miyendo, yachiwiri ndi ya manja. Musaime pakati." Lero ndikakumbuka ndimapsa mtima. Bambo aja sanatiphunzitse Chizungu, anatiphunzitsa kutumidwa. Koma nthawi imeneyo ndinkadzimva kwabasi, chifukwa ndinkaposa onse. Kunyumba ndinkalamula nkhuku, mbuzi, ngakhale mlongo wanga wokwawa.

Amalume ankandimvera akumwetulira. Bambo anga anali atalowerera ku migodi, ndipo kwathu mwana ndi wa malume ake. Iwo anali atagwirizana kale ndi kapitawo kuti ndikakhale mlezi wa mwana wa dona. Ine ndinkangolota deresi ndi buledi. Amayi okha ndiwo sankaseka. "Chizungu chakocho uzichisiya pa mkuyu pomwepo," ankatero, osandiyang'ana n'komwe. Ndinkati ndi nsanje ya munthu wosaphunzira.

Kapitawo anabwera pa njinga dzuwa lili paliwombo, nyenje zikulira ngati zibowola makutu. Anakhala pampando pakhomo pa amalume, ife awiri, ine ndi mnzanga wa nyumba yoyandikana, titaima patsogolo pake. Ankati akayamba kutilamula m'Chizungu, ine ndanyamuka kale asanamalize. Anaseka mpaka kuwomba m'manja, amalume nawo akugwedeza mutu.

Pamenepo amayi anatulukira kuseri kwa nkhokwe n'kugwada patali.

"Pepani bambo, ndisakubisireni. Mwanayu amagwa khunyu. Tsiku lina adzagwetsera mwana wa dona pamoto."

Ine chibadwire sindinagwepo. Ndinakuwa kuti, "Bodza!" koma amayi sanatembenuke. Amalume anangoti kukamwa yasa. Kapitawo anasuntha mpando wake kuti atalikirane nane, n'kuloza mnzanga uja. Madzulo asanakwane anali atamukweza panjinga.

Usiku usanagwe mudzi wonse unali utamva. Amalume anakalipa mpaka mawu kusasa, amvekere mlongo wawo wawachititsa manyazi pamaso pa mlendo. Amayi ankangosenda nyemba zawo. Koma bodza lija linandimamatira ine. Anthu kwathu ankakhulupirira kuti khunyu imapatsirana, choncho kuchitsime anzanga anayamba kundibisira chikho. Aphunzitsi anandiuza kuti ndizikhala patali, pomwe mthunzi wa mkuyu umathera. Ndinakhala padzuwapo masiku owerengeka, kenako ndinasiya sukulu. Sindinabwererenso.

Ndinadana nawo amayi. Ndinkawayankha ndi mapewa mpaka mvula inagwa, tinabzala, chimanga chinamera. Iwo sanapepese ndipo sanafotokoze kanthu. Ankangondiikira ndiwo zambiri kuposa ena, ine n'kumazikankha.

Mnzanga uja anabwerera patapita dzinja lachiwiri. Anafika wapansi, atavala deresi lamaluwa ofiira, nsapato zili m'manja. Kumbuyo anabereka khanda loyera, la tsitsi lofewa. Amayi ake atamuona anakhala pansi m'fumbi. Iye sanapereke moni kwa aliyense, anangolowa m'nyumba n'kutseka chitseko, ngakhale kunali masana.

Tinali pamtondo, ine ndi amayi. Anasiya munsi, n'kundigwira dzanja molimba mpaka kundipweteka, misozi ikutsika osaipukuta. Ine maso anali pa chitseko chija. Ndinasolola dzanja langa.

"Mwaona amayi?" ndinatero. "Deresi lija likanakhala langa."